Galimoto yakale ndi mitsetse ya kwathu: phunziro la okonza magalimoto pakhomo

Mwezi wa Epulo ukamayandikira, fodya atauma m'zigafa ndipo soya atayamba kuyoyola masamba, magalimoto amene anagona dzinja lonse pansi pa mitengo ya mango amadzutsidwa. Mukayenda m'midzi ya kwa Dzoole, kwa Chakhaza kapena kwa Kayembe, ngakhalenso kwa anansi athu a ku Ntchisi cha ku Malomo ndi kwa Nthondo, mupeza pikapu ili yasa boneti, mwini wake ataweramira mu injini, ana atamuzinga kumupatsira masipanala. Kuseri kwa sitolo za pa Mponela ndi pa Madisi nyundo zimalira mpaka dzuwa kulowa, moto wa owotcherera uli thethethe. Onsewa akukonzekera nyengo yonyamula: mabelo opita ku okushoni ya ku Kanengo kapena ku Chinkhoma, matumba a chimanga, soya ndi mtedza opita m'misika.

Ntchito imeneyi ndi yoyenera kuilemekeza. Magalimoto ambiri amene timayendera kuno anagwira kale ntchito ku Japan, kumene lamulo limafuna kuti galimoto yatsopano ya munthu wamba iyesedwe ikatha zaka 3, kenaka zaka 2 zilizonse. Kuyesako n'kodula, motero eni ake ambiri amaona kuti n'kwabwino kugulitsa. Magalimotowo amatsikira padoko la Dar es Salaam, n'kulowa m'dziko muno kudzera pa Songwe, ndipo akafika kuno amayamba moyo wachiwiri umene owapanga sanauganizire: fumbi la chilimwe, matope a Januwale, zitunda ndi katundu wa mudzi wonse. Ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zipangizo za magalimoto zinakwera mtengo kwambiri, pakuti pafupifupi zonse zimachokera kunja. Amene akusunga Hilux, Dyna kapena Canter ya zaka makumi awiri pamsewu lero ndi munthu wa manja aluso, ndipo popanda iye mayi woyembekezera wa m'mudzi wa kutali sakanafika kuchipatala usiku, ngakhale mbewu sizikanafika pamsika. Si kuno kokha kumene luso lotere lakhazikika. Ku Kumasi m'dziko la Ghana kuli dera lotchedwa Suame Magazine, kumene amisiri miyandamiyanda amadya za kukonza ndi kusintha magalimoto akale.

Nkhawa yanga ili pa chinthu chimodzi. Ndikamayenda m'mawodi pa ntchito za khonsolo ndimakonda kuima pamene galimoto ikukonzedwa, ndipo ndaona kuti pafupifupi ndalama zonse zimene eni ake amawononga zimapita ku zinthu ziwiri: kuti galimoto inyamule zambiri, ndi kuti ikwere chitunda osapuma. Za kuima zimakumbukiridwa pomalizira, ndalama zitatha. Kudera lachidikha chizolowezi chimenechi chikhoza kumulekerera munthu zaka zambiri. Kuno kwathu sichilekerera, chifukwa palibe ulendo wautali umene ulibe mtsetse.

Zimene masipuling'i owonjezera amachita

Pa galimoto yonyamula katundu pamakhala kachitsulo kapena kapepala kamene wopanga anamata, kawirikawiri pafelemu ya chitseko kapena m'kati mwa boneti, kosonyeza kulemera kumene galimotoyo siyenera kupitirira ikadzaza. Pikapu zimene timati za tani imodzi zinapangidwira makilogalamu pafupifupi 1,000, kuwerengera pamodzi dalaivala ndi onse okwera. Matumba 20 a makilogalamu 50 akwanitsa kale tani, munthu asanakwere ngakhale mmodzi. Koma ndani mwa ife sanaonepo pikapu yotere itasenza matumba 35, anthu asanu atakhala pamwamba pake?

Galimoto ikalemedwa chotero imakhala pansi kumbuyo, ndipo mankhwala amene tonse timawadziwa ndi kuwonjezera masipuling'i. Mmisiri amatenga zitsulo ziwiri kapena zitatu za pa galimoto ina yakufa, n'kuzilowetsa pakati pa zakale, n'kumanga ndi ma U-bolt aatali. Galimoto imadzuka, imaoneka ya mphamvu, ndipo mwini wake amakhulupirira kuti tsopano ndi ya matani awiri. Chimene chasintha ndi chimodzi chokha, ndicho kuti bodi saguguda pa matayala. Ekisilo ndi yomwe ija, mabeling'i ndi omwe aja, matayala, chasisi ndi mabuleki ndi zomwe zija. Kukhala pansi kuja kunali chenjezo lakuti katundu wapyola muyezo, ndipo masipuling'i atsopanowo angolitseka pakamwa chenjezolo.

Pali china chobisika chimene amisiri ambiri sachilabadira. Pa mapikapu ambiri akale, monga Hilux, pansi cha kumbuyo pali valavu ya mabuleki yolumikizidwa ku ekisilo ndi kandodo kachitsulo. Ntchito yake ndi kuyeza mmene galimoto yalemedwera. Ikakhala yopanda katundu, valavuyo imachepetsa mphamvu yopita ku mabuleki akumbuyo kuti matayala asagwire msanga n'kuizunguza galimoto. Ikalemedwa n'kutsika, kandodo kaja kamakankha valavu, mabuleki akumbuyo n'kupatsidwa mphamvu zambiri. Tsono taganizani: mwawonjezera masipuling'i, galimoto sikutsikanso ngakhale mutaisenzetsa matumba 30. Valavu ija ikuona ngati mulibe kanthu, ndiye ikumana mabuleki akumbuyo mphamvu pa nthawi imene akufunika koposa. Ntchito yonse yoimitsa katunduyo yagwera matayala awiri akutsogolo. Ndaonapo mapikapu amene kandodoko kanathyoka kalekale n'kumangidwa ndi waya, mwini wake osadziwa n'komwe kuti n'kachiyani. Ngati masipuling'i asinthidwa, valavu imeneyi iyenera kuchunidwanso ndi makaniko amene akuidziwa.

Kukweza mbali za bodi ndi matabwa kapena zitsulo kuli ndi vuto lakelake. Katundu akakwera m'mwamba, galimoto imapendekeka msanga pokhota, ndipo misewu yathu yafumbi yambiri ndi yopendekeka kale chifukwa cha madzi a mvula. Kutalikitsa bodi kumbuyo nakonso kumapepuza matayala akutsogolo, moti pokwera chitunda chiwongolero chimamveka ngati chikuyandama. Katundu wolemera azikhala pansi, pafupi ndi kabini, kutsogolo kwa ekisilo yakumbuyo kapena pamwamba pake penipeni. Ndipo chasisi chisabooledwe kapena kuwotchereredwa m'milomo yake yam'mwamba ndi yam'munsi, pakuti mng'alu umayambira pamenepo.

Moto wa pamtsetse

Mabuleki amaimitsa galimoto posandutsa liwiro lake kukhala kutentha. Mfundo imeneyi ikamveka, zina zonse zimamveka zokha. Galimoto yolemera makilogalamu 3,000 pamodzi ndi katundu wake ikatsika mamita 100, mphamvu imene iyenera kuthetsedwa ndi yokwanira kuwiritsa madzi ozizira malita pafupifupi 9. Kuchoka m'mapiri a Dowa, kudzera pa Mvera, kukafika ku Salima, munthu amatsika mamita oposa 500, ndiye kuti moto wokwanira kuwiritsa ndowa ziwiri za malita 20 n'kutsalako. Kuchokera m'mphepete mwa phiri la Ntchisi, limene nsonga yake imapitirira mamita 1,600, kulowera kunyanja, nkhani ndi yomweyo. Gawo lina la motowo limatengedwa ndi mphepo ndi matayala, lina ndi injini ngati galimoto ili m'giya. Lotsala lonse limalowa m'tizitsulo tochepa tam'kati mwa mawilo. Mukawonjezera kulemera ndi theka, motonso umawonjezeka ndi theka. Liwiro ndilo loopsa koposa: mukalichulukitsa kawiri, mphamvu yofunika kuti muime imachuluka kanayi.

Izi ndinazidziwa ndi thupi langa ndisanaziphunzire m'kalasi. Ndili ku sekondale, patchuthi, amalume anga ananditenga kuti ndikawathandize kutsitsa chimanga chimene ankakagulitsa kunyanja. Pikapu yawo inali itangowonjezeredwa masipuling'i ndipo ankainyadira kwambiri. Tili pakati pa mtsetse ndinamva fungo ngati la nsanza yopserera. Amalume anaponda buleki, chopondera n'kupita mpaka pansi ngati aponda phala. Anapopa kawiri, katatu, osayankhula kanthu, kenaka anakankhira giya pansi injini n'kukuwa, ndipo anakhulitsa galimoto kukhoma ladothi la m'mbali mwa msewu mpaka inaima. Mnyamata amene anakhala pamwamba pa matumba anagwa n'kuthyoka mkono. Chimene chinatizunguza mutu n'chakuti patatha ola limodzi buleki inalimbanso bwinobwino, ngati sipanachitike kanthu. Kumudzi nkhani inamveka yakuti wina wansanje anaimanga galimotoyo, ndipo amalume, Mulungu awasunge, anakhulupirira zimenezo kwa zaka zingapo.

Chimene chinachitika n'chakuti mafuta a mabuleki anawira. Mafuta amenewa ali ndi khalidwe loyamwa chinyezi cha mumpweya pang'onopang'ono. Muyezo wa mafuta olembedwa DOT 3 umati akakhala atsopano asawire pansi pa madigiri 205, koma akayamwa madzi akhoza kuwira pa madigiri 140 okha. A DOT 4 amayambira pa 230 n'kutsika kufika pa 155. Madzi sapanikizika, n'chifukwa chake mukaponda chopondera mphamvu imafika kumawilo. Nthunzi imapanikizika. Mafuta akawira m'mapaipi mumakhala nthunzi, ndipo phazi lanu limangofinya nthunziyo. Zikazizira, nthunzi imabwerera kukhala madzi, buleki n'kulimbanso, umboni n'kufufutika. N'chifukwa chake opanga magalimoto ambiri amalangiza kuti mafuta a mabuleki azikhetsedwa onse n'kuthira atsopano zaka 2 zilizonse. Mwa magalimoto amene ndaimapo pambali pake, ndi ochepa amene eni ake anakumbukira tsiku limene anachita zimenezi. Ambiri amangowonjezera akachepa, nthawi zina kuchokera m'botolo lotsegulidwa chaka chatha, limene layamwa kale chinyezi lili pawindo.

Palinso mtundu wachiwiri wa kulephera. Mapadi ndi malaining'i akatentha mopitirira amaterera, ndipo diramu yachitsulo ikatentha imafutukuka n'kutalikirana ndi malaining'i. Pamenepa chopondera chikhoza kukhala cholimba ndithu, koma galimoto osaima. Zipangizo zotchipa zosadziwika kumene zachokera zimafooka msanga pa moto wotere, ndipo ngati pali malo amodzi pa galimoto pamene sindingalangize munthu kufuna zotchipa, ndi pamenepa.

Ntchito ya mabuleki yambiri ndi yotheka pakhomo, ndipo sifuna zida zodula. Chotsani mawilo onse anayi, osati akutsogolo okha. Onani makulidwe a mapadi, mutsegulenso madiramu akumbuyo. Mukapeza m'kati muli chinyezi cha mafuta, ndiye kuti malabala a silinda atha, kapena oyilo wa mu ekisilo akudontha, ndipo malaining'i onyowa ndi mafuta sachapika, ngofunika ena. Tsatirani mapaipi achitsulo ndi maso ndi zala kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, kufunafuna dzimbiri ndi malo okhulika. Mapaipi a labala a pafupi ndi mawilo muwapinde pang'ono: akaonetsa ming'alu kapena akatupa wina akaponda buleki, atha ntchito. Pokhetsa mafuta pamafunika anthu awiri, wina wopopa ndi kugwira chopondera, wina womasula kabawuti kotulutsira mpweya, ndipo nthawi zambiri amayambira wilo limene lili kutali kwambiri ndi kathanki ka mafutawo. Kathankiko kasaume pamene mukugwira ntchitoyi.

Pali zizolowezi ziwiri zimene ndikupempha kuti tizisiye. Choyamba ndi kuthira chilichonse chimene chapezeka mafuta akatha panjira: oyilo wa injini, mafuta ophikira, madzi a sopo. Oyilo amatupitsa malabala onse a m'mabuleki, ndipo madzi amawira pa madigiri osafika ngakhale 100 kuno kumapiri. Chachiwiri ndi kupinda kapena kukhomerera paipi ya wilo limene likudontha kuti ulendo upitirire. Mwina munthu angatero kuti achoke pathengo usiku, akuyenda ngati nkhono. Koma ndaonapo galimoto yatha nyengo yonse ya fodya ikuyendera mabuleki a mawilo atatu, ndipo yotere ikapondedwa mwamphamvu imakokera mbali imodzi, kumene mwina kuli phompho kapena ana a sukulu.

Amene mumasintha injini, kumbukirani ichi. Chopondera cha buleki chimafewa chifukwa cha chipangizo chotchedwa booster, chimene chimadalira mpweya wokokedwa. Injini ya petulo imakoka yokha mpweyawo, pamene ya dizilo imafuna kapampu kapadera, kamene pa injini zambiri zakale za ku Japan kamakhala kumbuyo kwa alternator. Munthu akachotsa injini ya petulo n'kuikamo ya dizilo, kapena akagula alternator yopanda kapampuko chifukwa inali yotsika mtengo, mabuleki amauma ngati mwala. Ndipo malole aang'ono ambiri a dizilo, monga Canter, ali ndi buleki ya ku ekizozi imene imagwira galimoto potsika popanda kutenthetsa mawilo. Kawirikawiri imafa chifukwa cha kawaya kapena kapaipi kamodzi, n'kungosiyidwa. Kuidzutsa n'kotsika mtengo kuposa kugula malaining'i kawiri pa chaka.

Mabuleki abwino amathanso kuphedwa ndi kayendetsedwe. Chiyambire mavuto a kusowa kwa mafuta, madalaivala ambiri azolowera kuika giya pa nyutulo, ena kuzimitsiratu injini, akangofika pamtsetse. Phindu lake ndi makapu ochepa a mafuta. Mtengo wake ndi wakuti moto wonse uja wa ndowa ziwiri ukupita ku mabuleki okha. Injini ikazima, booster imatha mphamvu mukangoponda kawiri kapena katatu, chiwongolero chimauma ngati ndi cha pawa, ndipo kiyi ikabwerera kwambiri chikhoza kukhomeka osatembenukanso. Madalaivala akale a malole a Bedford anali ndi lamulo lawo lakuti phiri utsike ndi giya imene ungakwerere nayo, ndipo giyayo ilowe musanayambe kutsika. Pa galimoto ya otomatiki, monga Sienta zimene zadzaza m'misewu yathu ngati matakisi, magiya otsika alipo ndipo anaikidwira ntchito yomweyi.

Matayala, madzi ndi mafuta

Buleki imagwira wilo, koma chimene chimagwira msewu ndi tayala. M'mbali mwa tayala lililonse muli zolemba zimene ambiri sitiziwerenga pogula matayala a kaunjika. Pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa: 2318 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2018. Opanga matayala ambiri amalangiza kuti tayala lopitirira zaka 10 lichotsedwe ngakhale mano ake akuoneka, chifukwa labala imauma ndi kukalamba. Pali nambala inanso yosonyeza katundu amene tayala lingasenze. Lolembedwa 91 limasenza makilogalamu 615, pamene lolembedwa 106, la magalimoto onyamula katundu, limasenza 950. Kuika matayala a galimoto yaing'ono kumbuyo kwa pikapu chifukwa choti akwana pa limu ndiko kuitana kuphulika pamsewu wa M1 dzuwa lili paliwombo. Enanso amabwera ndi magalimoto a ku Japan atalembedwa kuti studless. Amenewo ndi a m'chisanu cha kumeneko, labala yake ndi yofewa, ndipo pa tala wotentha saima bwino.

Za kutentha kwa injini pokwera ndinenapo mwachidule, pakuti zimenezi ndiye amisiri athu amazisamala kale. Pamtunda wa ku Dowa boma madzi amawira pa madigiri pafupifupi 96, ndipo chimene chimawathandiza kupirira kupitirira madigiri 110 ndi chitsekerero cha rediyeta chimene chimasunga mpweya. Chitsekerero chotha labala, kapena chigamba cha pulasitiki chomangidwa ndi mphira, chimawiritsa injini yabwinobwino. Madzi a pamjigo amasiya miyala yoyera m'timapaipi ta rediyeta monga amachitira m'ketulo, choncho madzi a mvula osefa osakaniza ndi mankhwala ake a rediyeta ndiwo oyenera. Kuchotsa thermostat, kumene ambiri amakuyesa mankhwala a galimoto yochokera kozizira, kumachititsa injini kuyenda yozizira m'mawa wa mu Juni ndi potsika, n'kumadya mafuta ambiri ndi kutha msanga. Pa injini zina madzi amayamba kuzungulira osadutsa mu rediyeta, vuto n'kukula.

Kuyambira mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kupanga ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol. Ameneyu amayamwa madzi ndipo amadya mapaipi a labala achikale, motero galimoto ya kabuleta imene yakhala miyezi inayi ya dzinja osalizidwa ifunika kukhetsa thanki ndi kuona mapaipi onse a petulo isanayende. Paipi yothetheka pamwamba pa injini yotentha ndiyo imayambitsa moto. Mafuta a m'zigubu za m'mbali mwa msewu nawonso ngofunika kuwasefa ndi kuwakayikira: dizilo wothiridwa palafini amachepa kuterera, n'kupha pampu imene mtengo wake umaposa phindu la maulendo ambiri.

Pansi pa galimoto

Wokonza naye ali ndi moyo woti ausamale. Jeke ntchito yake ndi kunyamula, osati kusunga galimoto m'mwamba munthu ali pansi. Njerwa zootcha zimene timakonda kusanja zimaphwanyika mwadzidzidzi, osachenjeza. Gwiritsani ntchito zipika zamtengo wolimba zodulidwa mosalala, pamalo athyathyathya ouma, mawilo otsalawo mutawatchinga ndi miyala kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo wilo limene mwachotsa mulilowetse pansi pa chasisi kuti galimoto ikagwa ikhalire pamenepo. Mabwalo ambiri a nyumba za kuno ndi otsetsereka, ndiye kusankha malo ndiyo ntchito yoyamba.

Fumbi la m'madiramu musaliuzire ndi pakamwa kapena ndi pampu. Malaining'i akale, ndi ena otchipa a masiku ano, amakhala ndi asbestos, amene akalowa m'mapapo amayambitsa matenda oonekera patapita zaka zambiri. Pukutani ndi nsanza yonyowa n'kuitaya. Thanki ya petulo isayandikire moto wowotcherera ngakhale itaoneka youma, chifukwa chimene chimaphulika ndi mpweya wotsalira m'katimo, ndipo thanki yopanda kanthu ndiyo yoopsa kuposa yodzaza. Oyilo wakutha asathiridwe pansi kapena m'ngalande. Midzi yathu yambiri imamwa madzi a m'zitsime za kudambo, kumunsi kwa nyumba zomwezo, ndipo mvula yoyamba imakokolera zonse kumeneko. Musungeni m'chigubu chotseka, kutali ndi ana, pamodzi ndi mabatire akutha, amene ali ndi asidi ndi mtovu.

Pali ntchito zina zimene si za pakhomo ngakhale munthu atakhala waluso chotani. Ndodo za chiwongolero zikapindika kapena kuthyoka siziwotchereredwa, zimasinthidwa. Chimodzimodzi sipuling'i yaikulu imene imagwira ekisilo. Pampu ya dizilo imafuna makina oyezera. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo m'matauni athu a Mponela, Madisi ndi Ntchisi boma muli amakaniko amene anaphunzira ntchitoyi mwadongosolo. Achinyamata amene aikonda ntchitoyi pothandiza abambo awo pansi pa mtengo angachite bwino kuifunafuna m'sukulu zaluso, monga Lilongwe Technical College, pansi pa ndondomeko za bungwe la TEVETA limene linakhazikitsidwa mu 1999. Luso la manja ali nalo kale. Chimene sukulu imawonjezera ndi kudziwa chifukwa chake chitsulo chilichonse chinaikidwa pamene chili.

Mapepala

Lamulo la pamsewu la 1997 limafuna kuti galimoto yoyenda pamsewu wa anthu onse ikhale yolembetsedwa, ya inshulansi, ndiponso yokhala ndi chiphaso cha COF chosonyeza kuti ili bwino. Injini ili ndi nambala yake imene inalembedwa mu blue book. Mukagula injini ina, sungani lisiti ndi umboni wa kumene yachokera, ndipo mukadziwitse nthambi ya boma yoona za pamsewu ya DRTSS kuti zolemba zisinthidwe. Chimodzimodzi mukasintha mtundu wa penti kapena kapangidwe ka bodi. Zimenezi zimaoneka ngati kutaya nthawi mpaka tsiku limene mufuna kugulitsa galimoto, kapena apolisi akupezani ndi injini imene ikufunidwa kwina. Pakachitika ngozi galimoto itasenza mopyola muyezo, kapena itanyamula anthu pamwamba pa katundu, a inshulansi amapeza pokanira, ndipo mlandu wa ovulala umatsalira mwini galimoto ndi banja lake. Dziwaninso kuti COF imanena za tsiku limene galimoto inayesedwa lokha. Sidziwa zimene munasintha sabata yotsatira.

Ntchito yonse ikatha, galimoto iyesedwe isanapite kumtsetse. Injini ili chilizire, pondani buleki mwamphamvu n'kugwira kwa theka la mphindi: chopondera chikamamira pang'onopang'ono, pali podontha kapena silinda yaikulu yatha. Kokani handibuleki pakachitunda kakang'ono muone ngati igwira yokha. Kenaka pakirani katundu wa muyezo wake, mupeze msewu wathyathyathya wopanda anthu, ndipo pa liwiro la makilomita 30 pa ola pondani buleki mwamphamvu, manja atagwira chiwongolero mopepuka. Galimoto iime mowongoka, osakokera kumanja kapena kumanzere. Bwerezani kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, tsikani, ndipo muyandikize kuseri kwa dzanja pa wilo lililonse osakhudza chitsulo, kufanizira lakumanja ndi lakumanzere. Limene latentha kwambiri kuposa linzake likugwira osalekerera. Limene lazizira silikugwira n'komwe, ndipo limenelo ndilo loyamba kulimasula matumba asanakwere.